Tiwaseke bwanji a ku Malawi pomwe pepala la ngongole likutigwetsa?

Ife a ku Chipata tili ndi matama pa nkhani ya ndalama. Ukafika pa malire a Mwami n'kusintha K1,000 yokha ya ku Zambia, anyamata osintha ndalama aja amakupatsa mpukutu wa makwacha a ku Malawi wosakwana m'thumba la shati, ndiye umayenda ngati bwana. Kwacha yawo itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 tinaseka mpaka nthiti kuwawa. Inenso ndinali m'gulu la osekawo. Ndinasiya mwezi wa Ogasiti wapitawu, ndipo amene anandisiyitsa ndi mayi wolekeza sukulu Sitandade 4.

Azakhali anga a ku Mchinji anabwera ku Kulamba, ndipo pochokera ku Mkaika anagona kwathu ku Kapata masiku awiri. Madzulo ake kunafika alamu anga, aphunzitsi athunthu a ku sekondale, akudandaula kuti malipiro sakuoneka, kampani ina yobwereketsa ndalama ikungodula mwezi ndi mwezi ndalama zisanafike n'komwe m'manja. Anatulutsa pepala lomwe anasaina: masamba anayi, Chingerezi chokhachokha, tizilembo tating'ono ngati nyerere. Azakhali sanaligwire.

"Aphunzitsi, munatenga zingati?"

"K8,000, amayi."

"Akudula zingati pa mwezi?"

"K520."

"Mpaka liti?"

Apa alamu anayamba kutembenuza masamba, kufunafuna. Zaka zitatu. Azakhali anawerenga pa zala, milomo ikugwedera, kenako anati: "Ndiye kuti mubweza K18,720. Mwatenga ng'ombe imodzi, mubweza ziwiri ndi kamwana kake." Ine ndinatulutsa foni kuti ndiwatsutse. Foni inavomerezana ndi azakhali. M'nyumba munangoti zii.

Chandipweteka n'chakuti alamu masamu amawadziwa kuposa tonse m'banja mwathu. Chinawagwetsa si masamu. Tsiku losaina anangomva mawu awiri, akuti ndalama ilowa lero ndi akuti muzidulidwa K520 basi. Funso lakuti zonse pamodzi zikwana zingati silinabwere m'mutu, ndipo mtsikana wa pa desiki uja sanalibweretse, poti si ntchito yake kukuthawitsa. Komanso mphunzitsi wovala tayi angafunse bwanji pamaso pa anthu kuti liwu ili likutanthauza chiyani? Safunsa anadya phula, koma kuno timadya phulalo titavala jekete.

Nanga azakhali anaphunzira kuti? Ku banki m'khonde. Ndinakaonapo gulu lawo ku Mchinji: azimayi pa mphasa pansi pa mtengo wa mango, bokosi lachitsulo pakati, maloko atatu, makiyi kwa anthu atatu osiyana. Aliyense akagula masheya amatchula mokweza, mlembi n'kudinda m'kabuku. Wofuna ngongole amanena pagulu kuti akufuna zingati, gulu limawerenga limodzi chiwongoladzanja chake, ndipo akachedwa kubweza pali chindapusa chomwe anagwirizana okha. Sabata iliyonse, chaka chathunthu, mpaka kugawana mu Disembala. Zonsezo m'Chichewa. Masheya, chikole, chiwongoladzanja, thumba la zadzidzidzi: mawu amene mwana amawamva ali kumsana. Tsegulani wailesi ya ku Malawi, mumva nkhani za mabanki ndi za mitengo ya zinthu zikukambidwa m'chilankhulo chomwecho chimene anthu amatsutsira mtengo wa tomato. Uthenga wa Mpamba kapena Airtel Money amaulengeza mmene amalankhulira pa msika.

Kuno kwathu ndalama imalankhula Chingerezi. Timacheza Chinyanja tsiku lonse pa Saturday Market, koma tikangoponda pa khomo la banki lilime limasintha, ndipo nzeru zimatsala panja pamodzi ndi njinga. Funsani anthu khumi pa Down Shops kuti chiwongoladzanja n'chiyani, ena akuuzani kuti ndi Chichewa cha ku Malawi. Ali ndi liwu lachingerezi lija pakamwa, inde, koma kuliwerengera ayi. Kafukufuku wa FinScope wa 2020 anapeza kuti akuluakulu 69 mwa 100 aliwonse m'Zambia anali atafikiridwa ndi njira zosungira, kutumizira kapena kubwerekera ndalama, kuchoka pa 59 mu 2015, makamaka chifukwa cha ndalama za pa foni. Koma omvetsa bwino kayendedwe ka ndalama sanafike ngakhale 24 mwa 100. Tinalandira njinga tisanaphunzire kupalasa. Tinyumba ta MTN ndi Airtel tadzadza m'mbali mwa msewu uliwonse, ngongole imabwera pa foni usiku uli pabedi, ungodina manambala angapo, koma wokuuza kuti ubweza zingati palibe.

Onjezerani chisokonezo chathu cha 2013, pamene anachotsa maziro atatu pa kwacha. Mpaka lero agogo akati faifi pini akutanthauza K5, mdzukulu akati faifi pini akutanthauza K5,000. Dziko limodzi, masamu awiri.

Musaganize kuti ndasanduka Mmalawi. Kumenekonso akulira. Kaloba wathu kumeneko amamutcha katapila, ndipo mano ake ndi omwewo. Banki m'khonde yomwe ndikuitamayi yasasula malata pa nyumba za anthu, yalanda mbuzi, yathetsa maukwati. Azakhali eni ake anandiuza za mnzawo amene amabwereka ku gulu lina kuti abweze ku linzake. Mlimi wa fodya wochokera ku okushoni ya ku Kanengo ndi mlimi wathu wolandira ndalama za chimanga ku FRA, bungwe la boma logula mbewu, ndi mapasa: onse ndalama imawafikira kamodzi pa chaka, mwezi umodzi ndi mabwana, Januwale akukongola feteleza. Ndipo mbali ina ya luso lawo lowerengera inabwera ndi mavuto. Munthu amene ndalama yake yagwa mu 2022 n'kugwanso mu 2023 amaphunzira msanga kuti kwacha yogona pansi pa pilo imawonda, n'chifukwa chake akaipeza amathamangira simenti, mbuzi kapena matumba a soya. Za abale athu a ku Mozambique olowera pa Chanida sindinena zambiri, iwo mapepala awo ali m'Chipwitikizi, zawo n'zolemera kuposa zathu.

Nafenso tili ndi chilimba, ndipo magulu osunga ndalama achuluka m'makomboni. Koma chilimba ndi kusonkha n'kulandira, mulibe chowerengera. Komanso amuna ambiri kuno timaona maguluwa ngati za azimayi. Ife timadikira za pa malipiro, timasaina mwakachetechete, akazi athu amadzadziwa ndiwo zikasintha. NAPSA, bungwe la penshoni, italola mu 2023 kuti anthu atapeko 20 peresenti ya zosonkha zawo, ndi angati anakhala pansi ndi banja kuwerenga kaye? Ine sindinatero, ndisaname. Zanga zinathera ku sofa.

Sabata yatha kampani ija inatumizira alamu uthenga wakuti ndi kasitomala wabwino, akhoza kuwonjezera ngongole. Anabwera kudzandipempha nambala ya azakhali. Ndawapatsa, koma ndawauza kuti Lachinayi masana asaimbe, amakhala ali ku banki pansi pa mango paja, ndipo foni ikalira pamsonkhano pali chindapusa.