Ganyu wokongoletsa nyumba amatha, ubwenzi wake umatsala

Anthu amakonda kunena kuti mnzako wa pa ganyu ndi wa pa ganyu basi, ndalama yomaliza ikangolowa pa foni aliyense njira yake. Pa ntchito zina mwina n'zoona, koma pa ntchito yokongoletsa m'kati mwa nyumba ndikukana. Nyumba ya zipinda zitatu ku Area 47 kapena shopu ya ku Limbe imatha m'masabata 6 kapena 8. Koma wopenta, wa matailosi, wa magetsi, kalipentala ndi telala wa makatani amene anadziwana pamenepo mumawapeza patapita zaka akuitanirana ntchito, akusonkherana mnzawo akaferedwa. Sikuti ndi okoma mtima kuposa anthu ena. Ntchitoyi ndi imene silola munthu kubisa khalidwe lake, chifukwa chimene iwe walakwitsa chimakaonekera pa ntchito ya mnzako, ndipo wodzudzulidwa amakhala iyeyo.

Tiyambe ndi khoma. Pulasitala watsopano amafuna masiku pafupifupi 28 kuti aume, ndipo mu Januwale ndi Febuluwale, mvula ili m'kati, amafuna oposa pamenepo. Mukapenta asanaume, chinyezi chimakankha penti, amatupa n'kuyamba kumatuka, pena pakhoma pamatuluka zoyera za mchere. Mwini nyumba akaona zimenezi safunsa kuti anamata ndani, amathamangira wopenta. Ndiye womanga amene amati, "Achimwene, khoma la pabalaza ndalimata Lachiwiri lomweli, musaligwire kaye," wamupulumutsa mnzake ku ndalama zambiri. Lita imodzi ya penti imakwana masikweya mita 8 mpaka 10 pa koti imodzi, ndipo khoma latsopano limafuna penti woyamba woyala pansi kenako makoti awiri. Kubwereza zonsezo, kuphatikizapo kupala penti womatukayo, phindu lonse la ganyu latha. Wopenta saiwala munthu amene anamuchenjeza.

Pamene ubwenzi umamangidwa kwambiri, kwa ine, ndi pa mzere umodzi wa pakhoma. Tsiku loyamba, wa matailosi pamodzi ndi amene akutsogolera ntchito ayenera kugwirizana kuti pansi padzathera pati matailosi akaikidwa. Akatero ajambule mzere kuzungulira zipinda zonse, mita imodzi kuchoka pamenepo, pogwiritsa ntchito levulo ya paipi ya madzi kapena ya laser ngati ilipo. Aliyense aziyeza kuchoka pa mzere umenewo, osati pa simenti imene akupondapo. Tailosi ndi guluu wake zimakweza pansi ndi sentimita imodzi ndi theka kapena ziwiri, ndipo ngati pansi panali popendekeka n'kufunika kuthirapo simenti ina, zimaposa apo. Popanda mzerewu, kalipentala amapachika zitseko zimene mawa lake zizikhula matailosi. Wa magetsi amaika masoketi a kukhitchini malo olakwika: tebulo la makabati limafika masentimita 90, soketi imayenera kukhala masentimita pafupifupi 15 pamwamba pake, koma mumaipeza yatsamira tebulolo. Kukonza kwake n'kugumula khoma lopenta kale. Amisiri amene anamvana pa mzere umenewu amakhala ataphunzira kufunsana asanagwire chitsulo, ndipo chizolowezi chimenecho amapita nacho kulikonse.

Siling'i ndi chimodzimodzi. Mabolodi a jipisamu amabwera a mita 1.2 m'lifupi ndi 2.4 m'litali, ndipo matabwa owakhomerapo amatalikirana masentimita pafupifupi 40. Wa magetsi akapanda kusonyeza malo a magetsi olowa m'siling'i mabolodi asanakhomedwe, pobowola amakumana ndi thabwa. Asunthe bowo, mzere wa magetsi wapotoka. Adule thabwa, siling'i idzakhota pakapita miyezi. Zonsezi zimapewedwa ndi kukambirana kwa mphindi zochepa, anthu awiri ataima pansi pa denga ndi tepi ndi choko.

Wa matailosi amamudziwa mnzake weniweni ndi mapazi. Akangoyala, pamafunika maola 24 popanda kupondapo. Wina amalambalala, wina amangodutsa pompo atanyamula makwerero, n'kusiya tailosi imodzi italowa pansi. Ndipo wogula katundu akamvera wa matailosi n'kuonjezera 10 pa 100 alionse chifukwa cha zodula ndi zosweka, onse a nambala imodzi ya pa katoni, wachotsa mkangano waukulu. Matailosi ogula pambuyo pake, ngakhale dzina lake likhale lomwelo, mtundu umasiyana pang'ono, ndipo masana dzuwa likalowa pawindo zimaonekeratu.

Telala amabwera pomaliza, ndipo ndi amene timamupondereza kawirikawiri. Nsalu ya makatani imafunika kuchulukitsa kawiri kapena kawiri ndi theka kutalika kwa chitsulo chopachikapo, apo ayi makatani amakhala pululu, opanda mapindo. Muyeso womaliza atenge matailosi ataikidwa, kuti nsalu ilekeze sentimita imodzi isanakhudze pansi. Kumukakamiza kuti asoke msanga n'kumuonongera nsalu imene sangailumikizenso.

Pali zinanso zimene sizilembedwa pa pulani. Masana amasonkherana ya mmemo, nsima ndi usipa, n'kudyera pa thabwa lomwelo. Apa m'pamene zimadziwika kuti uyu mwana wake ali m'chipatala, uyu lendi yamuthina. Magetsi akazima, wa jenereta yaing'ono amalola kalipentala kudulirapo mabolodi ake. Mwini nyumba akachedwetsa malipiro, amene walandira kale amabwereka mnzake yokwerera minibasi. Akuluakulu anati mnzako akapsa ndevu m'zimire, ndipo pa ganyu wotereyu ndevu zimapsa sabata iliyonse.

Koma ndisaname, ubwenzi umenewu umathanso, ndipo chimene chimaupha kawirikawiri ndi ndalama yosalembedwa. Mwati ndinu abale tsopano, ndiye pa ntchito yachiwiri simukambirana mtengo. Musatero. Lembani ngakhale pa WhatsApp: ntchito yake ndi iti, mtengo wa sikweya mita kapena wa chipinda, yoyambira ndi zingati, yotsala ilipidwa liti. Ngati mwamupezera mnzanu ntchito ndipo mukufuna kangachepe, nenani poyera, asakamve kwa mwini nyumba kuti munaonjezera mtengo m'dzina lake. Gulayinda kapena dirilo yobwereka ibwerere tsiku limene munagwirizana, ndipo ngati disiki yake yatha gulani ina.

Mayeso enieni amabwera ntchito itatha. Pakapita miyezi iwiri kapena itatu, mwini nyumba amaimba foni: polumikizira mabolodi a siling'i pang'ambika, chitseko cha kabati yapansi pa sinki chatupa chifukwa madzi analowa m'mphepete mosamatidwa bwino. Apa palibenso ndalama yolandira. Wa siling'i amayenera kupala, kuika tepi yatsopano, kumata kawiri n'kusalaza, koma pamalopo pamafunikanso penti, ndipo wopenta sanalakwe kalikonse. Wina amati ine yanga ndinamaliza. Wina amanyamula burashi ndi kachitini ka penti amene anasungako dala, n'kukwera minibasi Loweruka m'mawa.