Mwana wapita ku koleji ku Montana, nanga laisensi yosakira nyama ikhala ya kuti?

Makolo anzanga amene muli kuno ku America, makamaka inu a ku Colorado ndi ma state oyandikana nawo, ndiloleni ndilankhulepo pa nkhani imene yandisowetsa tulo mwezi wa March wapitawu. Ndikudziwa kuti ambiri mwa ife za ulenje sitilowamo, koma nyama ya elk, mbawala zikuluzikulu za kumapiri kuno, imene timaotcha kwathu tikakumana pa 6 July ija simachokera ku sitolo ayi, imachokera kuphiri, ndipo kuseri kwake kuli mapepala ambiri amene munthu ukawasewera nawo umatha kulowa mmavuto osayembekezera.

Mwana wanga woyamba, wobadwira konkuno, anayamba kupita nane kuphiri ali ndi zaka 12, msinkhu umene Colorado imalola mwana kusaka nyama zikuluzikulu bola akhale atakhoza kosi ya hunter education, yophunzitsa kusaka mosamala, komanso pakhale wamkulu pambali pake. Kuyambira pamenepo chaka chilichonse kumapeto kwa March timakhala pa thebulo la kukhitchini, laputopu patsogolo, tiyi akuzizira, kudzaza fomu ya draw, maere a malaisensi osakira, lisanafike tsiku lotsekera lomwe limakhala Lachiwiri loyamba la April. Kwa amene simukudziwa, malo abwino osakira elk sungangolowa mu sitolo nkugula laisensi, amachita maere, ndipo chaka chimene sunapeze chisankho chako choyamba amakupatsa pointi imodzi. Mapointi aja amaunjikana, amene ali ndi ambiri ndi amene amayamba kupatsidwa, ndipo ukangopata chisankho choyamba onse amabwerera pa ziro. Ndiye ife pa chisankho choyamba timalemba kodi ya E-P-999-99-P, kutanthauza kuti chaka chino tingofuna pointi basi, kenako nkumasaka ndi chisankho chachiwiri kapena malaisensi otsala aja. Madera osakira anawagawa mmayuniti a manambala, ndipo ena a kumpoto chakumadzulo kwa Colorado monga 2, 10 ndi 201 anthu amawadikira zaka zoposa 20, munthu kuyamba kusunga ali mnyamata nkudzapondako imvi zili mbuu. Mnyamata wanga pa tsiku limene tinkapakira masutikesi ake mgalimoto kupita ku koleji ku Montana anali ndi mapointi 7 a elk. Ndi zaka 7 zimenezo, kuyambira ali kamwana kosatha kunyamula chikwama chake chokha pokwera phiri.

Ndiye tsiku lina mu March foni ikulira ndili mu galaja. "Adadi, ndili pa sitolo ina ya zida za ulenje ndi mnzanga uja wa mchipinda, akuti poti ndakwanitsa masiku 180 kuno ndikhoza kukasintha driver's license yanga ikhale ya Montana kenako ndigule laisensi ya resident, ndi yotchipa kwambiri, tizikawedza limodzi." Mawu ake anali a chisangalalo, mwana wapeza anzake, wapeza mitsinje, ndipo chaka cha malaisensi ku Montana chimayamba pa 1 March ndiye anzake onse anali akugula. Ine mtima unangoti myuu. Ndinamuuza kuti iwe ima kaye, usasaine kalikonse, tuluka panja tilankhulane.

Lamulo la Colorado pa nkhaniyi si lovuta kumva. Resident ndi munthu amene wakhala mu state miyezi 6 yotsatizana asanagule kapena kufunsira laisensi, ndipo ndi kwawo kwenikweni. Mwana wa ku Colorado amene wapita kukaphunzira full time ku state ina nkumalipira fizi ya nonresident kumeneko, Colorado Parks and Wildlife, ofesi ya boma yoona za nyama zakutchire, imamuwerengabe ngati wake, ngakhale akugona kunja miyezi 9 pachaka. Koma u resident umenewo umaduka pompo akangotenga laisensi ya resident yosakira kapena yowedzera ya state ina, umadukanso akalembetsa kuvota kunja kwa Colorado, chimodzimodzi akatenga driver's license yokhala ndi adiresi ya kwina. Mwana wanga anali pafupi kuchita ziwiri mwa zimenezi tsiku limodzi, chifukwa cha nsomba.

Chimene chinandiopsa kwambiri si kutaya u resident ayi. Ndi chakuti patangotha masabata atatu tikanakhala pansi kudzaza fomu ya draw ya Colorado monga mwa nthawi zonse, ndipo pa funso lija loti kodi ndinu resident tikanangodina kuti eya osaganizanso kawiri, chifukwa ndi mmene takhala tikuchitira kwa zaka 7. Limenelo likanakhala bodza pa fomu ya boma, lolembedwa mdzina la mwana wanga, ine ndili pambali. Ndipo ma state amalankhulana abale anga. Pali pangano lotchedwa Interstate Wildlife Violator Compact limene linayamba mu 1989 ndi Colorado, Nevada ndi Oregon, pano pafupifupi ma state onse alimo, akakuletsa kusaka kumodzi ndiye kuti wakanizidwa konse. Ku Colorado kulinso mapointi a mtundu wina, a chilango, ukafikitsa 20 pa zaka 5 amakuitana kuti ukayankhe ndipo atha kukulanda ufulu wosaka ndi kuwedza kwa zaka. Mwana wa zaka 19 kuyamba moyo ndi mbiri yoti ananama pa fomu, pa nkhani ya madola ochepa, ine ayi.

Tsono maganizo anga ndi awa, ambiri timaopa malo olakwika. Ndikamacheza ndi alenje anzanga aliyense amangolira mapointi, eti mwana akasamuka mapointi apita. Sizoona. Ku Colorado mapointi amatsata nambala yako ya CID, imene ofesi ya za nyama imakudziwira, kaya ukukhala ku Denver kaya ku Texas, amafufutidwa pokhapokha utatha zaka 10 zotsatizana osafunsira nyama imeneyo. Ma state ena ndi okhwimitsa, ku Wyoming ukadumpha zaka ziwiri zotsatizana mapointi onse apita, pomwe Idaho ndi New Mexico alibe nkomwe za mapointi, aliyense amalowa maere mofanana chaka chilichonse. Chimene mwana amataya akasiya kukhala resident ndi mtengo ndi gawo. Laisensi ya elk kwa resident wamkulu siifika madola 100, ya nonresident imapitirira madola 700, ndipo mu draw gawo lalikulu la malaisensi amasungira ma resident, akunja amalimbirana kagawo kotsalako ndiye yuniti yomweyo imafuna mapointi ochulukirapo kwa iwo. Zowawa ndithu, koma si mlandu. Mlandu umabwera pamene munthu wafuna kudya mbali zonse ziwiri.

Ndipo apa ndi pamene ife Amalawi tiyenera kusamala kuposa ena, chifukwa ife mawu oti kwathu timawamva mosiyana. Munthu atha kukhala ku Ndirande zaka 30, ana onse kubadwira ku chipatala cha Queens, koma ukamufunsa kuti kwanu nkuti ayankha kuti ku Ntcheu, natchula mudzi ndi mfumu yake, ndipo palibe amene angamutsutse. Kukhala ndi kwathu kuwiri kwa ife ndi chinthu wamba, kutauni ndi kumudzi, ndipo ana athu obadwira kuno tawalera ndi mtima womwewo. Koma ofesi ya za nyama zakutchire kuno sifunsa kumene kuli mchombo wako, imayang'ana chiphaso choyendetsera galimoto, kumene unalembetsa kuvota, kumene umalipira msonkho, ndipo imafuna yankho limodzi. Mapanga awiri avumbwitsa, akuluakulu ananena kale, ndipo ndamvapo ndi makutu anga makolo ena akulangizana kuti ingosiyani adiresi ya kunyumba pa akaunti, mwana azigula uku ndi uku, ndani angadziwe. Chonde tisaphunzitse ana athu madilu a mtundu umenewo. Tinavutika kuti mapepala athu akhale oyera mdziko muno, ena a ife tinadikira zaka zambirimbiri, ndiye tiwadetse chifukwa cha nyama?

Mnzanga wina amene timapemphera limodzi nditamufotokozera anandifunsa funso limene linandikhala mmutu. Anati achimwene, kodi simukumangirira moyo wa mwana ku elk? Ngati angathe kukhala resident wa kumeneko nkumalipira fizi yotsika, ndalama imeneyo si yoposa laisensi? Ndipo akunena zoona. Kusiyana kwa fizi ya resident ndi ya nonresident pa makoleji a boma kumakhala madola masauzande ambiri pachaka, palibe elk imene ingafike pamenepo. Ngati mwana watsimikiza kuti moyo wake akaukhazikitsa ku Montana, ndipo malamulo a fizi a kumeneko akumulola, asamuke ndi mtima wonse, asinthe zonse nthawi imodzi, ku Colorado azifunsira ngati nonresident, mapointi ake 7 aja ali pomwepo akumudikira. Ine ndingamuthandize kudzaza mafomu ake. Chimene ndikukana ndi kusamuka mwangozi, pa kauntala ya sitolo, chifukwa mnzako wanena kuti ndi zotchipa.

Ndivomerenso kuti mbali ina ndi mtima wanga. Ndimafuna mwana ameneyu azibwera October aliyense. Amene munagonapo mu tenti kuphiri kukuzizira, nkudzuka 4 koloko mmamawa madzi a mchigubu ataundana, kuyenda mumdima ndi tochi ya pamphumi mwana ali pambuyo pako akupuma mwamphamvu, kenako kukhala pansi pa mitengo ya aspen masamba ake atasanduka achikasu nkumva elk yamphongo ikulira kutsidya kwa chigwa, mukudziwa chimene ndikunena. Mwana amene kunyumba amangoyankha kuti eya kapena ayi, kumeneko amalankhula. Zambiri zimene ndimadziwa za mwana wanga ndinazimva tikusenda nyama manja ali magazi okhaokha, kapena tikutsika phiri aliyense atasenza mwendo wa elk kumsana. Koma chimenecho ndi chofuna changa, sindingachisandutse lamulo pa iye.

Ndiye tsiku lija ali panja pa sitolo ndinamufotokozera zonsezi, kenako ndinamufunsa mmene tikanafunsirana kwathu, ndinati iwe kwanu nkuti? Anakhala chete kanthawi, ndikumva mphepo pa foni. Kenako anati pakadali pano ndi ku Colorado adadi, ndikamaliza sukulu ndidzaona. Anabwerera mkati nkugula laisensi yowedzera ya nonresident, yokwererapo mtengo, ndalama ndinamutumizira ine.

Za kuvota ndinenepo pang'ono chifukwa pa makoleji pamakhala matebulo olembetsa anthu ndipo ana amangosaina akudutsa. Sindikunena kuti mwana asavote ayi, avote ndithu. Colorado kuyambira 2013 imatumiza balloti pa positi kwa aliyense wolembetsa, ndiye mwana atha kuika adiresi ya ku koleji ngati yolandirira makalata chabe nkuvotabe ngati wa ku Colorado. Ndipo kwa inu amene ana anu anabwera kuchokera kumudzi ndipo sanakhale nzika, ali pa green card kapena pa visa, auzeni mobwereza kuti fomu yolembetsa kuvota asaikhudze nkomwe, imeneyo ndi nkhani yaikulu kuposa ya ulenje.

Zina zonse ndi zazing'ono koma zimaiwalika. Mwana akakwana zaka 18 mitengo ya youth yatha ndipo habitat stamp, ndalama yosamalira malo okhala nyama, ayamba kulipira, komanso kuyambira 2019 sungalowe draw usanagule kaye laisensi ina monga ya small game, ya nyama zing'onozing'ono. Apemphe kalata ku ofesi ya koleji yosonyeza kuti ndi wa full time ndipo akulipira ngati nonresident, aisunge mu foni. Ngati ali pa pulogalamu ya WUE ija imene ana a ma state a kumadzulo amalipira fizi yosapitirira 150 peresenti ya eni state, kapena state imene wapitayo ili ndi laisensi yapadera ya ana a koleji, lemberani imelo ku maofesi onse awiri musanagule kanthu, yankho likhale lolembedwa osati la pa foni. 

Fomu ya chaka chino tinadzaza pa video call, iye ali pa bedi lake la ku hositelo ine pa thebulo lomwe lija la kukhitchini, amayi ake akudutsadutsa kumbuyo kufunsa ngati akudya mokwanira. Kanali koyamba kuti alowe yekha mu akaunti yake ine osagwira laputopu. Atafika pa funso la resident anaima, nawerenga mokweza mzere wonse mpaka kumapeto, kenako nkudina. Chisankho choyamba analemba pointi, chachiwiri elk yaikazi ku yuniti yathu ya masiku onse, atayang'ana kaye kalendala ya mayeso ake. Zotsatira zimatuluka chakumapeto kwa May, ndipo chipewa chake cha olenji chopitira kosaka ndachisiya pa msomali womwe uja mu galaja.