Mlandu suola, koma milandu imasiyana

Chisankho chikayandikira, akatswiri ofukula zakale amadzuka. Uyu watulutsa chithunzi cha zaka 20 zapitazo, uyo wakumbukira zimene bwana uja analemba pa Facebook ali mnyamata. Ine kufukulako sindidana nako. Munthu wofuna voti yanga asayembekezere kuti mbiri yake tiikwirira. Koma chimene ndimatchera khutu kwambiri ndi yankho lake lero, akamufunsa za dzulolo.

Mu 2019, kampeni ili mkati, magazini ya Time inatulutsa chithunzi cha mu 2001 cha Justin Trudeau, amene pa kampeniyo anali nduna yaikulu ya Canada, atadzidetsa nkhope paphwando, mchitidwe umene anthu akhungu lakuda amauona ngati chipongwe. Tsiku lomwelo anavomera kuti ndi iye, napepesa. Anthu a ku Canada anamubwezera pampando, ngakhale chipani chake chinataya mipando ina. Ena amati kupepesako kunali kwa ndale chabe. Mwina. Komabe sanatiuze kuti chithunzicho nchopanga adani ake.

Kurt Waldheim yekha ndiye amandiwawa. Munthu anatsogolera bungwe la United Nations kuyambira 1972 mpaka 1981, dziko lonse likumulemekeza. Mu 1986, akupikisana nawo pa upulezidenti wa Austria, zinaululika kuti pankhondo yachiwiri ya padziko lonse anali ofisala wa gulu lankhondo la Germany ku Balkans, m'magulu amene anachita nkhanza zoopsa. Zaka zonsezo mbali imeneyi ankaidumpha akamafotokoza mbiri yake. Chisankho anapambana, koma mu 1987 dziko la America linamuletsa kulowa m'dzikomo. Pamenepa nkhani ya unyamata palibe. Kubisako ankakuchita ali nkhalamba ya imvi, chaka ndi chaka, akudziwa bwinobwino.

John Profumo, nduna ya za nkhondo ku Britain, sanagwe chifukwa cha chibwenzi chokha mu 1963. Anagwa chifukwa ananamiza nyumba ya malamulo za chibwenzicho. Atatula pansi udindo, anakadzipereka ku Toynbee Hall, malo othandiza osauka ku London, nakatumikirako pafupifupi zaka 40 osabwereranso ku ndale. Munthu wotere ukamamunyozabe ndi za 1963, vuto lili ndi iwe.

Ndiye pali milandu ina imene ine sindiiona ngati kuterereka. Kuledzera uli ku koleji, kulankhula zopusa uli ndi zaka 19, banja kutha, zimenezo ndani angaponye mwala? Koma amene anaba ndalama za anthu, kapena anagwiririra mwana, kapena anagwiritsa ntchito udindo kuzunza amene sakanatha kudziteteza, nkhani yake ndi ina. Kumukhululukira ndingathe, ndipo ngati anagwira ukaidi wake, asiyidwe akhale mwamtendere, apeze ntchito, alere ana ake. Makiyi a mosungira chuma cha boma okha ayi. Udindo si ufulu wobadwa nawo, ndipo ofuna mpandowo amene sanabepo alipo ambirimbiri.

Chimene chimanditopetsa ndi ife ovota. Wolakwa akakhala wa chipani chathu, mumva "zakale zimenezo, munthu amasintha, tonse ndife ochimwa." Akakhala wa chipani chinacho, omwewo akuti "mlandu suola, achoke lero lomwe." Mlandu umodzimodzi, pakamwa pamodzimodzi, chasintha ndi mtundu wa nsalu imene wolakwayo wavala pamsonkhano.