Ulendo wathu wa pachaka wa m'misewu yafumbi usasanduke mpikisano

Anzanga a m'kalabu yathu ya njinga, ndiponso nonse amene mumakonda kupalasa, ndaona kuti ndi bwino ndilembe maganizo anga pano tisanakumane pa msonkhano wokonzekera ulendo wa chaka chino, chifukwa pa msonkhano mawu amachuluka ndipo olankhula mofatsa kawirikawiri samveka. Nkhani imene ili m'kamwam'kamwa ndi ganizo limene ena abweretsa lakuti pa ulendo wathu wa pachaka wa m'misewu yafumbi, umene takhala tikuyenda limodzi kuchokera ku Lilongwe kulowera cha ku Dzalanyama, tiyambe kuwerenga nthawi ya munthu aliyense, kumata manambala pa mahandulo ndiponso kupereka mphoto kwa atatu oyamba kufika. Ine ganizo limeneli sindikugwirizana nalo, ndipo sikuti ndikukana chifukwa chakuti miyendo yanga yayamba kutopa, ngakhale kuti zimenezonso n'zoona.

Loweruka lililonse timapalasa pa phula, ndipo pa phula aliyense amadziwa malo ake. Amphamvu amatsogola, ena amawatsatira mopumira m'mwamba, ndipo pofika pobwerera gulu limakhala litagawika patatu. Tsiku la ulendo wa pachaka tinagwirizana kuti likhale losiyana ndi masiku enawo. Tinasankha mwezi wa June, pamene mvula yatha, matope auma ndipo kunja kukuzizira, kuti ngakhale wofooka athe kupirira tsiku lonse, ndipo tinaika lamulo limodzi lokha lakuti palibe wosiyidwa m'mbuyo. Pa mphambano iliyonse otsogola amaima mpaka womaliza afike, ndipo womalizayo akafika sitinyamuka nthawi yomweyo, koma timamulola amwe madzi ndi kupumako pang'ono, popeza si chilungamo kuti amene apuma nthawi yaitali anyamuke pamene wotopa kwambiri wangoponda pansi kumene.

Chaka chatha kunabwera mayi wina, mphunzitsi wa ku pulaimale, amene anabwereka njinga ya mlamu wawo, yaikulu kuposa msinkhu wawo moti potsika ankachita kudumpha. Titafika pa chigwa china pamene msewu unali utadzaza mchenga, tayala lakutsogolo linkangopotokera kumbali, ndipo mayiwo anagwa kawiri. Mmodzi wa akuluakulu athu anatsika pa njinga yake, anafinya matayala a njinga yobwerekayo ndi chala, napeza kuti anali atawapopa mpaka kuuma gwa, monga mmene timachitira pa phula. Anaphwetsako mpweya pang'ono kuti tayala lizigwira bwino nthaka, anatsitsa chishalo, kenako anawauza kuti: "Mayi, pa mchenga musalimbane ndi mahandulo. Khalani cha kumbuyo kwa chishalo, ikani giya yopepuka, musasiye kupalasa, ndipo maso akhale kutsogolo osati pa tayala." Enafe tinali titakhala pansi pa mtengo wa mango tikudya nthochi, ndipo tinaona mayiwo akuwoloka mchenga wachitatu osaponda pansi, akuseka okha. Zonsezi zinatenga mphindi pafupifupi 20. Lero mayiwo amabwera Loweruka lililonse pa njinga yawoyawo, ndipo anakokanso anzawo awiri a kuntchito. Funso langa kwa amene akufuna wotchi n'lakuti, tsiku limene dzina la munthu aliyense lidzalembedwe pamodzi ndi nthawi yake n'kuikidwa pa WhatsApp, ndani adzalolere kutaya mphindi 20 zimenezo chifukwa cha mlendo amene wabwera pa njinga yobwereka?

Zimene ndikuopazi si maloto, chifukwa zinachitika kale kwa anzathu ena. Ku Emporia, tauni yaing'ono ya m'chigawo cha Kansas ku America, anthu 34 okha ndi amene ananyamuka mu 2006 pa ulendo wa mamailosi 200, kapena kuti makilomita pafupifupi 320, m'misewu ya miyala ya m'mapiri a Flint Hills. Mwambowo, umene poyamba unkatchedwa Dirty Kanza, unali mpikisano kuyambira pachiyambi, koma unali wa anthu odziwana amene cholinga chawo chachikulu chinali kungofika. Unakula chaka ndi chaka, kampani ya Life Time inaugula mu 2018, ndipo mu 2020 dzina linasintha kukhala Unbound Gravel. Masiku ano kumapita anthu masauzande, malo amachita kupezeka mwa mayere, ndipo kutsogolo kumakhala akatswiri olipidwa amene ena a iwo anapalasapo m'mipikisano ikuluikulu ya ku Ulaya. Sindikunena kuti zimenezi n'zoipa, ndipo tauni ya Emporia ikupindula nazo. Koma okonda njinga za m'fumbi kumeneko akhala akukangana zaka zingapo tsopano pa nkhani ngati yakuti otsogola aziima limodzi pa malo omwera madzi kapena ayi, ndiponso ngati n'kulakwa kuthawa mnzako pamene tayala lake laphwa. Zinthu zimene kale munthu ankangozichita mwa ulemu, mphoto itabwera zinayamba kufuna malamulo olembedwa.

Chitsanzo chimene ine ndimachikonda ndi cha ku Italy. Mu 1997, m'mudzi wa Gaiole in Chianti m'chigawo cha Tuscany, bambo wina dzina lake Giancarlo Brocci ndi anzake anayambitsa ulendo wotchedwa L'Eroica, ndipo chaka choyamba ananyamuka anthu 92. Chimodzi mwa zolinga zawo chinali kuteteza misewu yoyera ya miyala ya m'deralo kuti isathiridwe phula, zimene kwa ife kuno zingamveke ngati nthabwala, popeza mfumu iliyonse ya kwathu ikapeza mpata wolankhula pamaso pa phungu imapempha phula. Ulendowu umachitika kumayambiriro kwa October, anthu amabwera ndi njinga zachikale zachitsulo za mtundu umene unkapangidwa mpaka chaka cha 1987, ndipo njira yaitali kwambiri imapitirira makilomita 200. Pa malo opumira amadya msuzi wa nyemba ndi masamba, buledi ndi nyama, ena mpaka kulawako vinyo wa m'deralo. Kutchuka kwa misewu imeneyi kutakula, akatswiri nawonso anaifuna, ndipo mu 2007 kunayamba mpikisano wapadera umene lero umatchedwa Strade Bianche, wothera pa bwalo la Piazza del Campo mumzinda wa Siena, umene Fabian Cancellara anapambana katatu ndipo Tadej Pogačar waupambananso kangapo. Chimene chimandigwira mtima n'chakuti zinthu ziwirizi anazisiyanitsa. Mpikisano uli ndi tsiku lake m'mwezi wa March, ndipo ulendo wa anthu wamba unatsala pa nthawi yake ndi chikhalidwe chake, popanda wina kukakamizidwa kuthamanga chifukwa chakuti mnzake akufuna chikho.

Komabe chifukwa changa chachikulu sichikuchokera ku Kansas kapena ku Tuscany, koma pa msewu umene timadutsawo. Kwa ife msewu wafumbi ndi chisangalalo cha tsiku limodzi pa chaka, pamene kwa anthu a m'midzi imeneyo ndi njira ya ku chigayo, ya ku chipatala, ya ku sukulu ndi ya ku msika. Amene munapalasapo kumeneko mukudziwa kuti m'nyengo yachilimwe pakati pa msewu pamakhala timabampu tosawerengeka timene matayala a galimoto amasiya, timene timagwedeza manja mpaka zala kuchita dzanzi, ndipo m'mbali mumakhala mchenga. Malo abwino oyendapo njinga amakhala kanjira kamodzi kosalala, kopapatiza ngati mpasa wopindidwa, ndipo kanjira kameneko sanakakonze ndi a zamisewu, koma anakapondaponda ndi matayala a akabaza ndi a onyamula makala amene amadutsa tsiku ndi tsiku. Munthu amene wasenzetsa njinga yake matumba atatu a makala, njinga yopanda magiya, ya mabuleki amene mwina akugwira kumbuyo kokha, sangathe kupatuka mwadzidzidzi. Akangochoka pa kanjirako n'kulowa mumchenga, katundu yense amamugwetsa. Nkhani ya kutha kwa nkhalango ya Dzalanyama chifukwa cha makala ndi yoona ndipo imandiwawa, koma siipereka kwa ife ufulu wogwetsa munthu amene akusakira ana ake chakudya. Tikamayenda mwa gulu timamuona patali, timauzana, timamupatukira ndi kumupatsa moni. Pa mpikisano, anthu khumi adzakhala akulimbirana kanjira komweko mitu ili pansi.

Zimenezi tinazilawako kale ngakhale popanda mphoto. Zaka ziwiri zapitazo anyamata athu atatu anayamba kuthamangitsana pa mtsetse wina wolowera ku mlatho chifukwa chofuna kuti mayina awo aonekere pamwamba pa Strava, pulogalamu ya pa foni imene imalemba ndi kuyerekeza nthawi za opalasa njinga. Pansi pa mtsetsewo panali mjigo, ndipo kamtsikana kena kanali kuwoloka msewu katasenza chidebe cha madzi. Wotsogola anagwira mabuleki onse awiri, tayala lakumbuyo linatsetsereka pa timiyala, ndipo anadutsa pafupi kwambiri ndi mwanayo moti chidebe chinagwa n'kusweka. Palibe anavulala. Koma amayi amene anali pa mjigo anatizungulira, ndipo agogo ena anatifunsa modekha kuti: "Ana anga, kodi kumene mukuthamangirako kuli maliro?" Tinapepesa, tinasonkha ndalama ya chidebe, ndipo wapampando wathu anapita kukaonekera kwa a mfumu tisanapitirize. Kuyambira tsiku limenelo timatsika mtsetsewo mondondozana. Pa msewu wa miyala njinga siima msanga ngati pa phula, ndipo ngakhale akatswiri amagwa. Sule Kangangi wa ku Kenya, amene ankatsogolera timu ya Amani ndipo anali mmodzi mwa odziwa kwambiri kupalasa m'fumbi kuno ku Africa, anamwalira mu August 2022 atagwa ali pa liwiro lalikulu pa mpikisano wa Vermont Overland ku America. Ngati zinachitikira munthu wa luso lotere, tiyenera kudzifunsa kuti wathu akagwa pakati pa ulendo, kutali ndi chipatala, pamalo amene netiweki ya foni imavuta, tingamunyamule pa chiyani.

Achinyamata amene abweretsa ganizoli sindikuwanyoza, ndipo pa mfundo imodzi akunena zoona. Ali ndi mphamvu, amadzuka m'mamawa kukonzekera, ndipo alibe bwalo loonetsera zimene angathe. Akuona kuti bungwe la UCI, loyang'anira masewera a njinga pa dziko lonse, linayamba mpikisano wa dziko lonse wa njinga za m'fumbi mu 2022 ku Veneto, ku Italy, ndiponso kuti ku Kenya mpikisano wa masiku anayi wa Migration Gravel Race, umene unayamba mu 2021 m'dera la Maasai Mara, watsegulira khomo opalasa a ku Kenya, Uganda ndi Rwanda kuti akapikisane kunja. Akufunsa kuti bwanji ife, amene fumbi tili nalo lokwanira, tisakhale ndi zathu. Yankho langa n'lakuti tikhale nazo ndithu, koma pa tsiku lina ndiponso mokonzekera monga mpikisano umafunira. Tisankhe njira yaifupi yozungulira, tikambirane ndi mafumu ndi apolisi nthawi ilipo, tiike anthu oimitsa magalimoto ndi ngolo pa mphambano, pakhale galimoto yotsatira yokhala ndi munthu wodziwa chithandizo choyamba, ndipo midzi yonse idziwe ola limene njinga zidzadutse. Ndingakondenso kuti pakhale gawo la akabaza pa njinga zawo za kaliyala, ngakhale ndikukayika ngati ena a ife amene tili ndi njinga zodula tingafune kuti nthawi zathu ziikidwe pafupi ndi zawo. Mpikisano wotere ndidzauthandiza ndi manja awiri, ngakhale kuima pa mphambano ndi mbendera tsiku lonse.

Chimene ndikukana ndi kuphatikiza ziwirizi pa tsiku limodzi ndi msewu umodzi, poganiza kuti othamanga azithamanga kutsogolo pamene ocheza akucheza kumbuyo. Gulu lathu si lalikulu motero. Amene amadziwa kulumikiza tcheni chikaduka, amene amanyamula zida zomatira tayala lopanda chubu, amene amadziwa njira ya chidule munthu akadwala, ndi anthu omwewo amene adzakhale kutsogolo kuthamangira mphoto. Kumbuyo kudzatsala atsopano okhaokha, osadziwa njira, pa mphambano zopanda zikwangwani. Palinso amayi a pa msika waung'ono umene timaimapo masana, amene chaka chilichonse amatikonzera thobwa, zitumbuwa ndi mbatata yootcha chifukwa amadziwa kuti tikhala ola lathunthu. Opikisana saima pa msika.

Choncho pa msonkhano ndidzapempha kuti ulendo wa June ukhale monga wakhalira, wopanda manambala, wopanda wotchi ndi wopanda mphoto, ndipo kuti tisankhe kagulu ka anthu anayi, awiri mwa iwo achinyamata, kokonza mpikisano wapadera m'mwezi wa August kapena September mvula isanayandikire. Ndadziperekanso kuti chaka chino ndikhale womaliza pa mzere kuyambira ponyamuka mpaka pofika, ndipo ndidzanyamula pampu, zigamba ndi guluu, machubu apadera ndi madzi owonjezera. Amene mukubwera koyamba, makamaka ngati njinga ndi yobwereka, mundiuze kukula kwa matayala ake sabata isanathe kuti ndidziwe machubu oti ndigule, ndipo mubwere nayo Loweruka lino kuti tione mabuleki ndi kutalika kwa chishalo.