Abale anga a ku Mchinji mundikhululukire, koma Kasungu yatiposa

Ndiyambe n'kupepesa, chifukwa ena zomwe ndilembe apazi zikuwawani. Mchombo wanga uli kwa Mkanda, sukulu ndinaphunzira pa Mchinji boma, koma chino n'chaka chachisanu ndikudya nsima ya ku Kasungu. Loweruka lapitali tinakangana ndi alamu anga mpaka mawu kusasa. Nkhani yake inali yoti pakati pa Kasungu ndi Mchinji, pamene pamamveka kafungo ka tauni ndi pati. Iwo akuti Mchinji, chifukwa cha boda. Ine ndikuti Kasungu, ndipo sindikusuntha.

Muyeso wanga si nyumba zosanja kapena kuchuluka kwa mabanki. Ine ndimafunsa kuti: kodi pamalopo munthu ungasowe? Mu Disembala ndinatsika minibasi pa Mchinji boma cha m'ma 3 koloko masana. Ndinagula usipa wa azakhali, kenako n'kuima pang'ono pachiwaya ndi mnzanga wina wakalekale. Pofika kunyumba ndinapeza madzi osamba ali kale pamoto, azakhali atakhala pakhonde. Moni tisanamalize n'komwe anandifunsa kuti, "Nanga mtsikana unaima naye pachiwaya uja ndi mwana wa yani?" Wakabaza wina anali atatula kale uthenga wonse, mpaka mtundu wa malaya omwe ndinavala. Kuno ku Kasungu, mwini golosale yomwe ndimagulako buledi m'mawa uliwonse amangonditchula kuti achimwene. Dzina langa salidziwa, kwathu sanafunsepo. Zaka zisanu zathunthu! Utauni womwe ndikunenawo ndi umenewo.

Manambala nawonso ali mbali yanga. Pa kalembera wa 2018, tauni ya Kasungu inapezeka ndi anthu pafupifupi 59,000, pomwe Mchinji boma inali ndi anthu ngati 28,000, theka chabe. Kasungu ili ndi khonsolo yakeyake ya tauni, ya meya ndi makhansala ake, pamene Mchinji boma ili pansi pa khonsolo ya boma lonse, pamodzi ndi Kapiri, Mkanda ndi midzi yonse.

Koma manambala pawokha sakhutitsa, ndiye tione chomwe chinaikulitsa Kasunguyi. Choyamba ndi msewu wa M1. Ambiri ochoka ku Lilongwe kupita ku Mzuzu, Karonga kaya ku Tanzania amadutsa pakati penipeni pa tauni, ndipo atayenda makilomita pafupifupi 130 njala imakhala itayamba kuluma, galimoto nayo ikufuna mafuta. Amaima basi. Pomwepo pakudutsanso M18 yochokera kwa Kamwendo kulowera ku Nkhotakota. Usiku wa m'ma 9 koloko pafupi ndi depoti mumapeza mbaula zikuyaka, amayi akugulitsa tiyi, anyamata a njinga zamoto akulimbirana wokwera yemwe watsika basi ya usiku.

Chachiwiri ndi Kamuzu, tisanamizane. Kwawo kunali kuno, ndipo mwana sangaiwale khomo la amake. Kamuzu Academy ya ku Mtunthama, yomwe inatsegulidwa mu 1981, nyumba ya Nguru ya Nawambe, maesiteti akuluakulu a fodya aja, zonsezi zinakokera anthu, ntchito ndi misewu kuno.

Chachitatu, chomwe kwa ine n'chachikulu, ndi fodyayo. Okushoni akatsegula kwa Chinkhoma, tauni imasintha nkhope. Mumaona mdala atavala jekete pa dzuwa lonselo, wakumbatira kachikwama pachifuwa, ali pamzere wa ku banki kuyambira mbandakucha. Pofika masana wagula malata, matiresi amangidwa pakaliyala wa njinga yatsopano, mayi akusankha zitenje. Ndalama yake imathera mommuno, ndiye chifukwa chake mashopu a zomangira nyumba ali mbwee. Fodya yemweyo anabweretsanso matenanti ochokera kummwera, komanso abale athu a ku Mzimba omwe ali pafupi. Mumsika wa Kasungu mumamva Chichewa, Chitumbuka, Chiyao, nthawi zina ndi Chilomwe, ndipo palibe amene amatembenuka kuti aone wolankhulayo.

Musaganize kuti ndikuti Kasungu ndi Lilongwe. Ayi ndithu. Mukangopatuka pa tala n'kulowa m'makomboni, fumbi lake la mu Okutobala lija limakusandutsani ofiira mpaka nsidze. Ndipo mu Januwale, ndalama za fodya zikatha, eni mashopu amangokhala pakhomo kuwerenga magalimoto odutsa.

Tsopano kwathu. Alamu anga sanalakwe zonse. Mchinji ili ndi chinthu chomwe Kasungu ilibe: dziko lina, la Zambia, lili pakhomo. Pa Mwami, makilomita ngati 12 kuchoka pa boma, pali chipwirikiti chenicheni. Malole ataima mzere, osintha ndalama atanyamula mipukutu ya kwacha ya Malawi ndi ya Zambia, Chinyanja cha ku Chipata chikumveka paliponse, amayi akuwoloka ndi mitolo. Chipata chatsopano cha pa boda chija, chomwe a Lazarus Chakwera ndi a Hakainde Hichilema anatsegula mu 2022 kuti anthu azidinditsa ziphaso malo amodzi, n'chinyumba choti Kasungu ingachisirire. Njanji tili nayo, inafika pa Mchinji kuchokera ku Lilongwe cha m'ma 1980, ndipo mu 2010 anaitalikitsa mpaka ku Chipata. Mu Ogasiti, nthawi ya Kulamba, magalimoto opita ku Mkaika kwa Kalonga Gawa Undi amadutsa ngati linthumbu.

Koma tamvani mawu omwe ndikubwerezawo: amadutsa. Ndalama imadutsa pa Mchinji koma sigonapo. Dalaivala wa lole akamaliza za pa boda, maso ake ali ku Lilongwe, makilomita 110 okha, bwanji aime pa boma? Munthu wa ku Mchinji akapeza ndalama za soya kapena mtedza n'kufuna chinthu chooneka, amakwera ya ku Lilongwe, kapena amawolokera ku Chipata komwe kuli masitolo akuluakulu. Tili pakati pa mitengo iwiri ikuluikulu, ndiye mthunzi wake watilepheretsa kukula. Kasungu ilibe mnzake woilanda makasitomala. Wa ku Santhe, wa kwa Chulu, wa kwa Wimbe, wa ku Chamama, onse akafuna chinthu amathera pa Kasungu.

Vuto lina n'loti utauni wochepa womwe tili nawowo tinaugawa patatu. Pang'ono uli kwa Kamwendo, pamphambano pomwe pamagulidwa mbewu ndipo tsiku la msika simungaponye singano pansi. Pang'ono uli pa boda. Pa boma panatsala maofesi, chipatala, polisi ndi bata. Mukanati muphatikize malo atatuwa pamodzi, mwina mkangano wathu ukanakhala wina. Koma pa boma pomwepo, ikangokwana 7 koloko madzulo zitseko zambiri zatsekedwa, ndipo chomveka n'agalu ndi wailesi ya Mudziwathu kunyumba yoyandikana nayo. Atsamunda anamanga malowa ngati linga loyang'anira malire, n'kulitcha Fort Manning, ndipo kunena zoona mpaka lero pamakhala ngati pa malo a alonda: anthu akungoyang'ana zodutsa.

Kukongola kokha ndiye sindikutsutsa. Mapiri a Mchinji nthawi ya dzinja, atabiriwira, mphepo yozizira ikutsika madzulo, phiri limodzi la Kasungu lija silingafikepo. Ndikadzapuma pa ntchito mudzandipeza komweko. Koma funso silinali loti kokoma kukhala n'kuti.

Alamu anga sanavomere kugonja, monga mwa masiku onse. Ananyamuka akung'ung'udza kuti ndagulitsa kwathu chifukwa cha tchipisi cha pa depoti. Lachiwiri m'mawa foni inalira, ndi iwowo. "Alamu, mukapita m'tauni mundifunsireko mtengo wa pampu ya sola yothirira kudimba. Kuno pa boma ndazungulira mashopu onse, kulibe."

Ndinawafunsa kuti m'tauni mwake muti, anangodula foni.