Masacheti anapita, magalasi ali pakhomo panga

Boma litaletsa mowa wa m'masacheti, ine ndinaomba m'manja. Ndimati basi, anyamata a kuno ku Chinamwali asiya kugona m'ngalande dzuwa likuswa mtengo. Ayi ndithu! Mowa womwe uja unangosamukira m'timabotolo, ndipo amene ndalama zamuperewera amamuyezera pa kachivundikiro. Wosoweratu amatsetserekera kwa amayi otcheza kachasu, kumene boma silitolerako msonkho ngakhale tambala imodzi.

Koma chondiwawa ine ndi mpanda wangawu. Kale ndinkangosesa timapepala, lero ndikutola magalasi osweka m'mawa uliwonse. Dzulo mdzukulu wanga wachekeka chidendene akupita kusukulu, magazi chuchuchu. Mwini botololo ali poteropo, watsamira mpanda womwewo akutaya madzi, n'kumandipatsa moni mwaulemu wake wonse: "Mwadzuka bwanji, mayi?"