Amsterdam anachita bwino kupepesa, koma ngongole idakalipo

Pa 1 July 2021, mfumu ya mzinda wa Amsterdam ku Netherlands, mayi Femke Halsema, anaima pa chipilala chokumbukira akapolo ku Oosterpark n'kupepesa m'malo mwa khonsolo ya mzindawu pa gawo limene mzindawu unatengapo pa ukapolo. Mpaka lero alipo amene amati kunali kutaya nthawi, poti ogula ndi ogulidwa onse anagona kalekale, ndipo palibe Mdatchi wa lero amene anamangapo munthu unyolo. Ine ndikukana, ndipo chifukwa changa n'chimodzi.

Amsterdam monga boma la mzinda anali mmodzi wa eni bizinesiyo. Mu 1683 kunakhazikitsidwa kampani yoyendetsa dziko la Suriname ku South America, ndipo magawo ake anali atatu: limodzi la West India Company, lina la banja la Van Aerssen van Sommelsdijck, lachitatu la khonsolo ya Amsterdam. Tanthauzo lake n'lakuti makhansala ankakhala pansi kukambirana za minda ya nzimbe yolimidwa ndi anthu ogwidwa ku Africa monga mmene ankakambirana za milatho ndi misika. Ngakhale nyumba imene mfumu ya mzinda imapatsidwa masiku ano, pa Herengracht 502, anayamba kukhalamo ndi Paulus Godin, mmodzi wa akuluakulu a makampani omwewa. Mayi Halsema akamati "ife", sakunamizira munthu.

Ndiye taonani izi. Mu 2025 mzindawu unachita chikondwerero cha zaka 750, kuwerengera kuchokera pa chikalata cha mu 1275 chimene Floris V, wolamulira dera la Holland, anapereka kwa anthu okhala pa damu la mtsinje wa Amstel, chowamasula ku msonkho wa pamadzi. Palibe anadandaula kuti asodzi a mu 1275 anamwalira kale ndiye tisasangalale. Ngalande zija alendo amajambulitsapo zithunzi, nyumba zazitali za amalonda, holo ya mzinda ya mu 1655 imene pano ndi nyumba yachifumu, zonsezi amati "zathu". Kwathu kuno ukalandira chuma cha masiye, angongole akabwera sumathawira kuseri kwa nyumba.

Mwina ena sadziwa kuti Amsterdam ndi likulu lopanda boma. Nyumba ya malamulo, nduna, khoti lalikulu ngakhale mfumu ya dziko Willem-Alexander, onse ali ku The Hague. Malamulo a dziko amangoti mfumu yatsopano izilumbirira ku likulu, Amsterdam, monga zinachitikira mu tchalitchi cha Nieuwe Kerk mu 2013. Komabe pa nkhani iyi likulu lija linatsogoleradi. Nduna yaikulu ya nthawiyo, Mark Rutte, inadzapepesa mu December 2022, mfumu ya dziko mu July 2023. Mzinda unayamba, boma n'kutsatira pambuyo.

Sindikuganiza kuti khonsolo inangodzuka ndi mtima wabwino. Zidzukulu za akapolo aja zimakhala momwemo ndipo zimavota. Suriname itatsala pang'ono kulandira ufulu mu 1975, anthu masauzande anasamukira ku Netherlands, ndipo ambiri anakalowa m'mafulati akuluakulu a ku Bijlmer, kum'mwera chakum'mawa kwa mzinda, amene Adatchi opeza bwino sanawafune. Pambuyo pake kunabwera a ku Ghana ndi ena.  Anthu a m'dera limeneli ndi amene akhala akuchita mwambo wa Keti Koti, wokumbukira kutha kwa ukapolo pa 1 July, chaka ndi chaka, kukankha makhansala 45 a mzindawu mpaka nkhani inalowa m'khonsolo. Chimodzi chimene ndimachisirira n'chakuti mlendo amene wakhala m'dzikomo movomerezeka zaka 5 amavota nawo pa chisankho cha makhansala ngakhale alibe pasipoti ya Chidatchi. Koma mfumu ya mzinda yokha sasankha ndi anthu, khonsolo imapereka dzina ndipo boma ndi limene limaika. Zimenezo zimandidabwitsabe.

Pamene ndimasiyana ndi oombera m'manja ndi apa. Ukapolo utathetsedwa ku Suriname pa 1 July 1863, boma linalipira eni akapolo magilda (ndalama za Chidatchi za nthawiyo) 300 pa kapolo aliyense. Omasulidwawo sanalandire kalikonse, m'malo mwake anawakakamiza kugwirabe ntchito m'minda zaka zina 10, mpaka 1873. Chipukuta misozi chinapita kwa wolakwa. Rutte atapepesa, boma linaika mayuro 200 miliyoni oti athandize kuphunzitsa anthu za mbiriyi, koma nkhani yolipira zidzukulu analikana. Ndipo tsiku la 1 July, ngakhale anthu apempha kwa zaka zambiri, si holide ya dziko lonse. Wa ku Bijlmer wofuna kupita ku Oosterpark tsikulo amayamba wapempha kaye kwa abwana.